Mankhwala opha ululu akamugwira m'bale wathu, timutsitse pang'onopang'ono



Tikamatchula mankhwala ozunguza bongo pa khutuba kapena m'kalasi, ambirife maganizo amathamangira ku chamba, kachasu ndi mowa wa m'timabotolo totchipa tija. Timaganiza za mnyamata wosasamba amene amaswera pa siteji ya basi. Komatu pali mtundu wina umene sudutsira ku siteji. Umalowera pa khomo lakumaso, uli m'kathumba ka kuchipatala, dzina lake litalembedwa ndi dokotala m'kabuku ka wodwala. Amene amaumwa ndi mayi wochitidwa opaleshoni pobereka, bambo wothyoka mwendo pa ngozi ya njinga ya kabaza, agogo amene msana unawakana kalekale. Ambiri amamwa, n'kuchira, n'kuiwala. Ena likafika tsiku loti asiye, thupi limakana.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa. Munthu amene wakoledwa ndi mankhwala opha ululu ndi wodwala, ndipo njira yomuwombolera ndi yomutsitsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi a chipatala. Kumulanda mapiritsi usiku umodzi, kumutsekera m'chipinda, kapena kumuchititsa manyazi pa gulu kuti asiye lero lomwe, kumaoneka ngati kulimba pa chipembedzo, koma kumaika moyo wake pa chiswe.

Mankhwala ake ndi ati?

Sitikunena za Panado, aspirin kapena Brufen. Amenewa ali ndi kuipa kwawo munthu akamwa mopyola muyeso, koma sabweretsa chibaba. Tikunena za gulu limene madokotala amalitcha opioid, monga morphine, pethidine, codeine, tramadol, oxycodone ndi fentanyl. Kholo la gulu lonseli ndi utomoni wa duwa lotchedwa poppy. Utomoniwo ndiwo opium, umene Aluya amautcha afyuni. Sing'anga wotchuka wa Chisilamu, Ibn Sina, m'buku lake la zamankhwala la Al-Qanun limene analimaliza mu 1025, anafotokoza kuti afyuni ndi wamphamvu pothetsa ululu, ndipo anachenjezanso kuti akachuluka amapha. Zaka 1,000 zapita, mfundo ziwirizi zikadali zoona.

Cha m'ma 1805, Friedrich Sertürner wa ku Germany anapatula morphine kuchokera mu utomoni umenewu. Mu 1898 kampani ya Bayer inayamba kugulitsa heroin ngati mankhwala a chifuwa. Heroin yemweyu amene lero timamudziwa kuti ndi chiphe, poyamba ankagulidwa m'sitolo za mankhwala, anthu akukhulupirira kuti ndi wabwino kuposa morphine.

Allah anaika m'thupi mwathu timadzi tathutathu toziziritsa ululu, totchedwa endorphin. Mankhwala a opioid amakakhala m'malo omwe aja a mu ubongo ndi m'msana mmene timadziti timagwirira ntchito. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, thupi limasintha kuti ligwirizane ndi mlendoyo. Piritsi limodzi limene linkagoneka ululu usiku wonse limayamba kulephera, pafunika awiri. Mankhwala akasowa mwadzidzidzi, thupi limasokonekera. Pasanathe tsiku munthu amayamba kuyasamula kosalekeza, misozi ndi mamina zili chuchuchu, thukuta likutuluka kwinaku akuchita tsembwe. Kenako kumabwera kuphwanya kwa m'mafupa, kupotokola kwa m'mimba, kusanza, kutsekula m'mimba ndi kusowa tulo. Miyendo imakana kukhazikika. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zimatenga pafupifupi sabata kuti zizizire. Kufooka, nkhawa ndi kusagona zimatha kupitirira kwa masabata ambiri.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuzolowera kwa thupi, kumene tafotokozaku. Kumeneku kungagwere aliyense womwa mankhwalawa nthawi yaitali, kaya ndi shehe, kaya ndi hafidhi wa Qur'an, chifukwa mitsempha sifunsa za imani ya mwini wake. Chachiwiri ndi ukapolo weniweni, pamene munthu akupitiriza kumwa chikhalirecho akuona kuti akuonongeka: akunamiza madokotala, akuyenda zipatala zitatu ndi dandaulo limodzi, akugulitsa katundu wa m'nyumba kuti agule mapiritsi. Choyamba chikanyalanyazidwa chimatsegulira khomo chachiwiri. Zonse ziwiri zimafuna dokotala.

Zimene zinachitika ku America

Dziko limene lalira maliro ambiri chifukwa cha mankhwalawa ndi United States of America, ndipo linalakwitsa kawiri. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa piritsi lotchedwa OxyContin. Otsatsa malonda ake ankayendera madokotala n'kumawauza kuti piritsili silikola anthu kwenikweni. Madokotala anayamba kulilemba ngakhale pa ululu wa msana ndi wa mano. Mu 2007 kampaniyi pamodzi ndi akuluakulu ake atatu anavomera m'khoti mlandu wosocheretsa anthu pa za kuopsa kwa mankhwalawa, ndipo analipitsidwa madola oposa 600 miliyoni. Pofika nthawiyo n'kuti madzi atatayika kale. Uku kunali kulakwitsa koyamba: kugawa mankhwala amphamvu ngati maswiti chifukwa cha phindu.

Kulakwitsa kwachiwiri ndi kumene tikufuna kuti makolo amvetsetse. Mu 2016 bungwe la boma loona za matenda la CDC linatulutsa malangizo oti madokotala azisamala polemba mankhwalawa. Malangizowo anali ndi cholinga chabwino, koma madokotala ambiri, poopa milandu, anangowadula odwala awo mwadzidzidzi, ena mwa iwo atamwa mankhwalawo kwa zaka. Anthuwo anatsala ndi ululu wawo wakale pamodzi ndi ululu watsopano wa kusiya. Ena anapita kwa ogulitsa a mumsewu kukagula heroin ndi mapiritsi achinyengo osakanizidwa ndi fentanyl. Ena anadzipha. Mu April 2019 bungwe loona za mankhwala la FDA linachita kutulutsa chenjezo loletsa kumusiyitsa mwadzidzidzi munthu amene thupi lake lazolowera, ndipo mu 2022 a CDC analembanso malangizo awo. Mu 2021 mokha, anthu oposa 100,000 m'dzikolo anafa chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyeso, ambiri mwa iwo ndi mankhwala a gulu la opioid.

Chimene chimapha kawirikawiri ndi ichi. Munthu akakhala masiku angapo osamwa, thupi limataya kuzolowera kuja. Chibaba chikamugonjetsa, amabwerera pa muyeso wake wakale, umene tsopano wamukulira. Mankhwalawa amafooketsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma, ndipo munthu amagona osadzukanso. Choncho banja limene lamutsekera mwana m'chipinda kwa sabata n'kumuona atasiya kusanza, lisafulumire kuthokoza. Nthawi yoopsa kwambiri ndi imene yangoyamba kumeneyo.

Vutoli silili kutali ndi ife

Wina anganene kuti za ku America zikhale za ku America. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Egypt, dziko la Asilamu anzathu, tramadol anafala kwambiri pakati pa madalaivala ndi anthu ogwira ntchito zolemetsa, mpaka boma linakhwimitsa malamulo ake mu 2012. M'maiko a kumadzulo kwa Africa mumagwidwa mapiritsi a tramadol a mamiligalamu 200 kapena 225 olowa mozemba, pamene kapisozi wa kuchipatala amakhala wa mamiligalamu 50. Ku Nigeria, wailesi ya BBC itaonetsa mu 2018 mmene achinyamata, makamaka a ku Kano, ankaonongekera ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwalawo. Kano ndi mzinda wa mizikiti ndi madrasa ambirimbiri. Kuchuluka kwa mizikiti sikunatchinge botolo limeneli, mwa zina chifukwa limaoneka ngati mankhwala wamba ndipo silinunkha mowa.

Pafupi nafe, ku Zimbabwe, achinyamata avutika ndi mankhwala a chifuwa a BronCleer ochokera ku South Africa. Ku South Africa komweko, kumene abale athu ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka amakagwira ntchito, mankhwala ena okhala ndi codeine pang'ono amagulidwa m'sitolo za mankhwala popanda kalata ya dokotala. Mnyamata wonyamula matumba tsiku lonse ku Joni, msana ukumupweteka, angayambe ndi piritsi limodzi loti agonere. Kuno kwathu tramadol, codeine, pethidine ndi morphine alipo m'zipatala, ndipo n'koyenera kuti akhalepo. Nkhani yagona pa mmene tikuwasungira ndi mmene tikumuchitira amene akoledwa nawo.

Chisilamu chikutiuza chiyani?

Maulama, kuyambira Imam Al-Ghazali amene anamwalira mu 1111, amatiphunzitsa kuti Shariya inabwera kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Kumwa tramadol kapena codeine pofuna kuledzera, kuiwala mavuto, kapena kupeza mphamvu zachinyengo, ndi kuononga nzeru, ndipo ndi haramu monga chilili chilichonse choledzeretsa. Pamenepa palibe kukambirana. Koma kumwa mankhwala omwewo pa matenda, mwa muyeso wa dokotala, ndi kufuna machiritso, chinthu chimene Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatilimbikitsa.

Ena mwa akuluakulu athu ali ndi funso lomveka, ndipo tisalizembe. Amati: ngati chinthu chasanduka choledzeretsa kwa munthu, tingamuuze bwanji kuti apitirize kumwa pang'ono? Kodi tauba sikufuna kuti munthu asiye tchimo nthawi yomweyo? Nanga Maswahaba aja sanakhuthule mowa m'misewu ya ku Madina tsiku lomwe lamulo linatsika?

N'zoona anakhuthula. Koma tikumbukire zimene zinatsogola. Lamulo la mowa linatsika m'magawo. Mu Surat Al-Baqara ndime 219 anthu anauzidwa za kuipa kwake kumene kumaposa phindu lake. Mu Surat An-Nisa ndime 43 analetsedwa kuswali ali oledzera, zimene zinachepetsa nthawi yomwera, popeza swala ndi zisanu pa tsiku. Kenako mu Surat Al-Maida ndime 90 munabwera chiletso chotheratu. Mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye) anafotokoza kuti chiletso chimenechi chikanakhala choyamba kutsika, anthu akanakana. Lero lamulo la mowa ndi lomaliza, palibe amene angati akumwa pang'onopang'ono podikira ndime ina. Chimene tikutolapo ndi chakuti Mlengi, amene amalidziwa thupi la munthu kuposa dokotala aliyense, anasankha kuwachotsa anthu mu chizolowezi mwa masitepe.

Munthu amene watsimikiza mu mtima kuti akusiya, wapita kuchipatala, ndipo akulandira muyeso wochepera mwezi ndi mwezi, tauba yake yayamba kale. Mapiritsi amene akumwa tsopano samuledzeretsa. Amangogwiriziza thupi kuti lisagwe pamene likuphunziranso kudziimira. Mu fiqhi timadziwa kuti dharura, kutanthauza kusowa pogwira kwenikweni, imaloleza choletsedwa pa muyeso wa vutolo, osapyola. Madokotala ambiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata, kapena pa mwezi kwa amene wamwa zaka zambiri. Kwa mayi woyembekezera kusiya mwadzidzidzi kungachititse kuti apite padera kapena abereke masiku asanakwane, ndiye kuti miyoyo imene ili pa chiswe ndi iwiri.

Tikumbukirenso nkhani ya m'buku la Imam Bukhari ya munthu uja amene ankabweretsedwa mobwerezabwereza kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) chifukwa cha mowa. Mmodzi mwa anthu atatopa naye anamutemberera. Mtumiki analetsa temberero limenelo, n'kuchitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Ngati womwa mowa mwa kufuna kwake sanachotsedwe pa mzere wa okhulupirira, kuli bwanji mayi amene anakoledwa ndi mankhwala amene anapatsidwa ali pa bedi la kuchipatala?

Asilamu a maiko ena anayamba kale kuchitapo kanthu. Ku Kuala Lumpur m'dziko la Malaysia, mzikiti wa Ar-Rahman unagwirizana ndi madokotala a University of Malaya cha m'ma 2010 kuti anthu okoledwa ndi heroin azilandirira mankhwala a methadone pa mzikiti pomwepo, kwinaku akuswali ndi kulandira uphungu. Ku Tanzania chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinatsegula kiliniki ya methadone mu 2011. Methadone ndi buprenorphine ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Dua ndi mankhwala zimayendera limodzi, monga mmene timamangira mbuzi kenako n'kuyedzamira kwa Allah.

Tichite chiyani?

Inu makolo, mankhwala amphamvu akalowa m'nyumba, akhale amana m'manja mwa munthu mmodzi wamkulu, pamalo pokiyidwa. Mufunseni dokotala kapena namwino dzina la mankhwalawo, masiku oti amwedwe, ndi kasiyidwe kake. Safunsa anadya phula. Otsala abwezeni kuchipatala. Chizolowezi chathu chogawana mapiritsi ndi aneba, chimene timachiyesa chifundo, pa mankhwala awa ndi choopsa. Tramadol akapyola mamiligalamu 400 pa tsiku angamugwetse munthu ngati wa khunyu. Mapiritsi ena a codeine amasakanizidwa ndi paracetamol, ndipo wowamwa mochuluka pofuna codeine amapsereza chiwindi chake. Mankhwalawa akakumana ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa tulo, kupuma kumaima msanga.

Dziwaninso zizindikiro za ngozi. Munthu akagona osadzutsika ngakhale mumugwedeze, akupuma motalikiratalikira kapena mokoroma, milomo yasintha mtundu, kamwana ka diso kachepa ngati nsonga ya singano, musadikire kuti kuche. Mugonekeni cham'mbali, pezani galimoto, thamangirani kuchipatala mutanyamula kathumba ka mankhwala amene wamwa. Kuli jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya opioid m'mphindi zochepa. Manyazi a banja asachedwetse ulendo umenewu.

Tisagwerenso mbali inayo. Wodwala khansa amene walemberedwa morphine wakumwa apatsidwe pa nthawi yake. M'malo ngati kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima, mankhwala amenewa ndiwo amathandiza odwala kugona, kudya ndi kulankhula ndi ana awo. Kumumana kholo lathu morphine poopa chibaba, iye akubuula usiku wonse, ndi nkhanza. Ululu ukagona, munthu amatha kuswali ndi kutamanda Mbuye wake ali ndi mtima wokhazikika.

Inu ophunzira, nyengo ya mayeso a JCE ndi MSCE imabwera ndi alangizi ambiri. Wina adzakuuzani kuti kapisozi wakuti amachotsa kutopa, wina kuti kabotolo kakuti kamathetsa mantha. Zoona zake n'zakuti mankhwalawa amafooketsa kukumbukira, amabweretsa tulo tosapumitsa thupi, ndipo ubongo wa msinkhu wanu, umene ukadakula, umakoledwa msanga kuposa wa munthu wamkulu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati mnzanu wayamba, kumuuza mphunzitsi amene mumamukhulupirira si ukazitape, ndi kumupulumutsa. Ngati ndinu mwini wake, bwerani. Cholinga chathu ndi chakuti mulembe mayeso muli moyo ndi nzeru zanu, ndipo nkhani yanu sidzalengezedwa pa asembule.

Inu akuluakulu a komiti, tikupempha zinthu zotheka. Pakhale anthu awiri osunga chinsinsi, bambo ndi mayi, amene banja lingawafikire mopanda mantha. Thumba la sadaka liganizirenso za thiransipoti ya wopita kukaonana ndi dokotala, popeza kutsitsa mankhwala kumafuna maulendo ambiri. Poyambira ndi pa chipatala chachikulu cha m'boma lathu, ndipo thandizo la akatswiri limapezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tiitane kiliniko ofisala kapena namwino adzalankhule nafe ikatha swala ya Ijumaa, komanso pa msonkhano wa amayi. Ngati tikudziwa golosale kapena munthu wa pamsika amene akugulitsa mankhwalawa popanda chilolezo, tidziwitse apolisi kapena bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ngakhale wogulitsayo akhale woswali nafe pa mzere woyamba. Ukali wathu upite kwa wodyerera pa matenda a anzake.

Pomaliza, za mwezi wa Ramadhani. Ambiri amauona ngati mpata wosiyira zizolowezi zoipa, ndipo n'zoona pa fodya ndi miseche. Koma amene thupi lake lazolowera opioid asadzidule yekha pa tsiku loyamba la kusala. Kusanza ndi kutsekula m'mimba pa thupi losamwa madzi tsiku lonse n'koopsa. Akambirane ndi dokotala mwezi wa Shabani usanathe, kuti aone ngati nthawi zomwera zingasunthidwe kufika pa futari ndi daku. Ngati sizingatheke, Allah anapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ake akachira, ndipo kulandira chilolezo chimenecho ndi kumvera.

M'bale wathu wokoledwa ndi mankhwala adzagwa mwina kawiri kapena katatu asanaime. Tsiku limene wagwa ndi limene akufunika kupeza khomo la mzikiti lili lotsegula, ndi munthu woti amuperekeze kuchipatala m'mawa mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikupempha Allah kuti achiritse odwala athu, ateteze ana athu, ndipo atipatse mitima yofewa kwa ofooka pakati pathu. Ameen.